Mphini za Madzi za Sisi Onike

Kwathu ku Regent, pamwamba pa mapiri osuzumira Freetown, mkazi akafuna diresi yoti mpingo wonse umucheukire ankapita kwa Sisi Onike Thorpe, koma ankapita Khirisimasi ikadali kutali. Mayi ameneyo sankadziwa kuthamanga. Makina ake osokera anali pakhonde la nyumba yamatabwa yopendekera kumodzi ngati munthu wodwala chiuno, ndipo ukamadutsa unkamva gudumu likuzungulira pang'ono, n'kuima, n'kuzunguliranso, n'kuimanso. Sikuti makinawo anali akufa, ayi. Ankaima chifukwa mwini wake wadzutsa mutu kuti apereke moni. Wogulitsa makala moni, ana asukulu moni, chidakwa cha pamphambano moni, ngakhale galu wa abusa ankafunsidwa kuti wadzuka bwanji. Kumsika n'kufupi, koma Sisi Onike akanyamuka m'mawa kukagula tsabola, mpunga unkapsa masana tsabolayo akadali m'njira.

Mng'ono wake Modu ankakhala naye m'nyumbamo chimwalirireni mwamuna wake. Ameneyo ankafulula chakumwa cha jinja n'kumagulitsa m'mabotolo, ndipo pakamwa pake pankaluma kuposa jinjayo.

"Sisi, inu mukadzafa tidzaika maliro mawa lake," ankatero. "Mudzafuna muyambe mwapatsa moni manda onse."

"Nanga ndidzangolowa ngati mbuzi, kwa eni ake?" Onike ankayankha, osachotsa phazi pa makina.

Onse awiri anali atadutsa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo ankakangana tsiku ndi tsiku monga anthu ena amamwera tiyi. Onike sanakwatiwepo ndipo analibe mwana. Modu anali ndi awiri: Ekundayo, wamwamuna, wa konkuno, ndi mwana wamkazi wa ku Mangalande amene anali atatumiza kale mapepala oti mayi ake akakhale naye mvula ikamayamba. Za ulendowo sankazikamba. Sutikesi yokha ndiyo inkakhala pamwamba pa kabati, kukamwa kuli yasa.

Koma kusoka inali ntchito ya masiku wamba. Ntchito yeniyeni ya Sisi Onike inali ya chala chimodzi, cha mkombaphala, ndipo inkabwera mwina kamodzi pa zaka ziwiri. M'banja la a Thorpe mwana akabadwa, m'mawa womutulutsa panja kuti aone dzuwa, mayi wamkulu wa pabanjapo amaviika chala m'mbale ya madzi n'kumulemba kumaso: mizere itatu yoimirira pa tsaya lamanzere, iwiri yogona pa lamanja, ndi kamzere kokhota ngati mbedza pansi pa diso. Akatero amaviikanso chala, n'kutembenukira kumanzere, n'kutsitsa dzanja kufika cha m'chiuno, n'kulemba zomwezo m'malere, pamene palibe munthu. Basi. Madziwo amauma mwana asanamalize n'kulira komwe.

Onike analandira ntchitoyi kwa azakhali ake, azakhaliwo kwa agogo awo, mpaka kukafika kwa Grani Fibi, mayi woyamba wa banjali, amene anatsika m'sitima ya akapolo akadali kamtsikana, sitimayo itagwidwa panyanja n'kukokeredwa padoko la kuno. Amati Grani Fibi anali ndi mphini zoterozo kumaso, zenizeni, zotema ndi mpeni kwawo. Amishoni analetsa kutema ana, ndiye iye ankangolemba ndi madzi. Dzina loti Fibi nalonso linali la amishoni. Limene anamupatsa mayi ake palibe ankalidziwa. Nanga za kulemba m'malere, aa, apo ndiye aliyense ankanena zake. Ena ati n'kupirikitsa ntchentche, ena ati n'kuumitsa chala. Modu ankati agogowo anali ndi manjenje, dzanja linkangopitirira lokha, ndipo ife a Thorpe takhala tikutsanzira matenda a nkhalamba zaka mazana awiri.

Nkhani inadzavuta Ekundayo atakwatira Yema, namwino wa ku Pujehun, mkazi waulemu wake koma wosameza chinthu asanatafune. Ali ndi pakati pa miyezi inayi anabwera kudzayesa diresi yomasuka, ndipo Onike, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa, anamuuza mokondwa kuti chala chake chikudikira.

"Anti, kodi mphinizo n'za yani?" Yema anafunsa.

"Za Grani Fibi."

"Fibi ndi dzina la m'Baibulo, Anti. Ine ndikufunsa mwini nkhopeyo."

Onike anachotsa mapini pakamwa, imodziimodzi, kuti apeze nthawi yoganiza, koma mapini anatha yankho lisanabwere.

"Musandimve molakwa," Yema anapitiriza. "Kwathu ndikhoza kukutchulirani agogo anga asanu ndi awiri, ndi midzi yawo, ngakhale amene ankaba mbuzi ndikumudziwa. Mwana wanga akadzandifunsa kuti anandilemba chiyani kumaso, ndidzati kaya? Ndipezereni dzina, Anti. Popanda dzina, chala chanu chisadzafike pa mwana wanga."

Anayankhula mofatsa, ndipo n'chimene chinapweteka. Akanakalipa, Modu akanamubwezera mpaka agalu kuuwa. Koma Modu, amene ankatsuka mabotolo pakona ya khonde, anangopitiriza kutsuka botolo loyera kale.

Mwezi womwewo dokotala wa maso anamuuza Onike zimene iye ankazidziwa kale. Sinali ng'ala yoti n'kupala. Anali matenda a m'kati mwa diso, odya kuona kuyambira m'mbali, ndipo anali atachedwa kuwapeza. Mankhwala odontheza achedwetsako, anatero dokotala, koma sabweza chimene chapita. Dziko linali litayamba kale kumuchepera. Ankaona chokhacho chimene walunjikitsa diso, m'mbali monse muli utsi, ngati munthu wosuzumira pabowo la kiyi. Onike anathokoza dokotalayo, namufunsa za umoyo wa amayi ake, natuluka akuwerengera miyezi m'zala: ya mwana inatsala isanu, ya maso kaya.

Ndiye Lachiwiri lililonse ndi Lachisanu ankavundikira makina ndi nsalu, n'kuvala chipewa cha kutchalitchi, n'kudzipanikiza m'podapoda, minibasi ya kuno, pakati pa madengu a nsomba, ulendo wa ku nyumba yosungira mabuku akale kukasaka dzina lija. Wosunga mabukuwo anali Pa Sorie, bambo woonda wa ndevu zoyera, amene chifuwa chake chinali chitameza fumbi la zaka makumi atatu. Anamvetsera nkhani yonse, natsokomola, nalowa m'kati, natuluka atafukata buku lalikulu ngati chitseko cha khola.

"Mami Thorpe, sitima ikagwidwa, anthu onse ankawandandalika pabwalo la kudoko," anatero akutsegula mosamala. "Kalaliki ankalemba dzina monga walimvera, zaka monga waganizira, msinkhu, zizindikiro za pathupi, ndi komwe munthuyo wamutumiza. Muli anthu zikwizikwi umu. Inu mukudziwapo chiyani?"

"Baibulo la kwathu likuti anabatizidwa ku Regent mu 1829."

"Ndiye mabuku asanu ndi limodzi. Tamverani, ndikupatseni nzeru yaulere. Mayina musawayang'ane, poti dzinalo simukulidziwa. Diso lanu lizitsika ndi mzere wa zizindikiro wokha. Mukatero pofika Khirisimasi mwamaliza."

Nzeru yabwino ndithu, koma anaipereka kwa munthu wolakwika. Onike anayesa. Anaika chala pamwamba pa mzere wa zizindikiro, natsika nacho anthu atatu, anayi, kenako chala chinakana. Anabwerera kumanzere kwa tsamba, kumene kunali mayina, nayamba pamwamba penipeni.

"Moni a Salako. Moni a Mgbeke. Dada, mwana wanga, moni. A Bankole, mwafika bwino?"

Pa Sorie anadzutsa mutu pa tebulo lake. "Mami, mukutani?"

"Mukufuna ndiwadutse ngati mitengo? Anthu aima pamzere zaka mazana awiri, palibe wowafunsa kuti adzuka bwanji."

"Maso anu ndi amene adzalipire."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, Pa Sorie."

"Nkhono ili ndi maso ake, Mami. Ine ndikunena anu."

Makalaliki ambiri anali aulesi, ndipo Onike ankawada ngati kuti amutayira nsalu. Munthu wabwera ndi mudzi wake wonse pankhope, iwe n'kungolemba kuti mabala kumaso! Asa! Koma panali mmodzi, wa zilembo zopendekera, amene sankalemba mawu. Ankajambula. Timizere tating'onoting'ono ndi nsonga ya nthenga, toimirira, togona, topingasa, tina ngati mapazi a nkhuku pamatope, lililonse pa mbali yake ya nkhope. Onike anamukonda ngati mnzake wa ntchito. Ankati uyu akanabadwa bwino akanakhala telala, ndipo akafika pa masamba ake ankapukuta galasi lokulitsira zilembo kawiri.

Telala akamva msinkhu amaona munthu. Ena akawerenga kuti mapazi asanu ndi mainchesi awiri amangoona manambala, koma Onike ankaona mapewa, ankaona pothera mkono, ankadziwa nsalu yokwanira. Ndiye masana, dzuwa likalowa pazenera n'kuyatsa fumbi loyandama m'chipindamo, anthu aja ankatuluka m'buku mmodzimmodzi n'kukaima motsamira khoma, aliyense pa msinkhu wake, mapazi akadali onyowa ndi madzi amchere. Sankayankhula. Ankangogwedezeka pang'ono uku ndi uku, poti nthaka inali isanawakhazikikire. Ankawaona bwino m'mbali mwa diso, mu utsi muja momwe za dziko lino sizinkaonekanso. Ndipo poti anatsika m'sitima opanda kanthu pathupi, Onike ankawasokera mumtima: bambo uyu malaya amizeremizere, mayi uyu diresi ya maluwa achikasu yokhala ndi timapindo pachifuwa, wapakati uyu yomasuka ngati ya Yema. Akamaliza tsamba onse ankakhala atavala, ndipo ankachoka mwakachetechete kudzera pakhoma kuti apatse malo a tsamba lotsatira.

"Mukuyankhula ndi yani tsopano?" Pa Sorie ankafunsa akamumva akung'ung'udza za mabatani.

"Makasitomala."

"Amalipira?"

"Aulemu kuposa amoyo. Palibe wabweza diresi."

Inali nyengo ya mphepo youma ija yobwera ndi fumbi la kuchipululu, pamene milomo imang'ambika ndipo dzuwa limaoneka ngati mbale yadothi. Pobwerera, podapoda ikamakwera phiri, Onike ankayang'ana kunsi n'kulephera kupeza pamene nyanja yathera ndi pamene thambo layambira. Sitima za katundu zinkaoneka zolendewera m'mwamba, zopanda madzi pansi pake. Mayina a tsikulo ankamutsatira mpaka kunyumba. Akamapukusa makina ankawamva m'gudumu, ndipo tsiku lina anapatsa wogulitsa makala moni wa dzina la munthu amene anafa ndi nthomba mu 1828. Wogulitsa makalayo anavomera bwinobwino, poti anazolowera.

Khirisimasi inadutsa ali pa buku lachiwiri. Januwale anatha ali pakati pa lachitatu. Bowo la kiyi lija linali litasanduka bowo la singano. Ankasaka chilembo chimodzi ndi galasi, n'kuchipeza, n'kutaya chinzake. Ndipo Lachisanu lina anatsegula tsamba, naweramira, napeza kuti palibe kanthu. Pepala lokha lofiirira, timizere tikusambira ngati tinsomba m'madzi a matope. Anapukuta galasi. Anapukuta maso. Anakhala pamenepo mpaka masana, manja ali pa tebulo, ndipo ku khoma kuja sikunabwere munthu.

Tisabise, analira. Analirira m'podapoda, chipewa chili pamphumi, ndipo kondakitala anaganiza kuti kwagwa maliro n'kumusiyira mpando wakutsogolo. Sankalirira maso ayi. Ankalira chifukwa mabuku atatu ndi theka anali atatsala, ndipo kamtsikana kaja kanali kataima penapake m'menemo kudikira nthawi yake.

Modu atamva sanamunyengerere. "Ndinanena ine! Mwamwaza maso anu ndi moni ngati chimanga cha nkhuku! Bambo uja anakuuzani chochita, inu ayi, moni a uje, moni a uje. Akuyankhani angati? Mmodzi yekha wakuyankhani?"

Onike anatuluka pakhonde. Anakhala pa makina ovundikira, akusisita tepi.

Lachiwiri m'mawa anamva chitseko cha kuchipinda kwa Modu chikutsekedwa ndi loko, kenako fungo la mafuta onunkhira a pa Sabata.

"Dzukani, tizipita," anatero Modu. "Ndikungokuperekezani kuti musagwere m'ngalande n'kutichititsa manyazi. Za mizukwa yanuzo ine ayi."

Mmene ankafika n'kuti Modu atakangana kale ndi kondakitala, ndi mayi wa dengu la nsomba, ndi wapolisi wa pamsewu. Pa Sorie anamulanda mabotolo awiri a jinja pakhomo, nati m'chipinda cha mabuku simulowa chonyowa chilichonse. Modu anamufunsa ngati chifuwa chakecho n'chouma. Kenako anakhala pansi, navala magalasi, nakokera buku lachitatu kwa iye.

"Mayina uwerenge mokweza," anatero Onike.

"Sisi, musandiyambe."

"Iwe uzingotchula. Moni ndizipereka ndine."

Ndiye zinatero. Modu ankatchula mayina ngati kondakitala woitanira anthu, mothamanga, mopsa mtima, ndipo Onike ankayankha aliyense pansipansi, moni, moni bambo, moni mwana wanga, akuthamangira m'mbuyo mwake ngati munthu wotola zogwa m'dengu lobooka. Vuto linadza pa zojambula za kalaliki uja.

"Apa pali tinthu," anatero Modu.

"Tinthu totani?"

"Tinthu basi! Ngati chipeso chothyoka. Kaya ngati makwerero. Ine ndine wa jinja, sindine mphunzitsi."

Onike anapapasa pa tebulo mpaka anapeza dzanja la mng'ono wake, naliika pa tsaya lake. "Lemba apa."

"Pamaso pa anthu?"

"Anthu ake ati? Pa Sorie?"

"Chala chouma!" anakuwa Pa Sorie ali kutebulo kwake. "Musanyambite!"

Kuyambira tsiku limenelo Onike ankawerenga ndi khungu. Chala cha Modu, chokhakhala ndi kusenda jinja, chinkamulemba nkhope za anthu a mitundu yonse: mizere yotsika kuchokera pamphumi mpaka kuchibwano, timadontho tozungulira diso, mitanda pa litsipa. Poyamba chinkakanda ngati chikupala mphika. Patapita masiku chinafewa, ngakhale mwini wake akanakana mpaka kulumbira. Alongo awiriwa (kwathu timatero ngakhale onse ali akazi) anali asanagwiranepo kumaso chichokereni ku ubwana, ndipo Onike akatseka maso ankadabwa kuti dzanja la munthu wolongolola chonchi lingakhale lofunda chotero. Ndipo anthu aja anabwereranso kukhoma. Tsopano ankawaona bwino kuposa kale, poti panalibenso china chomusokoneza.

Anamaliza buku lachitatu m'masiku awiri, lachinayi m'sabata ziwiri. Yema anali atasiya kupita kuntchito, miyendo itatupa. Sutikesi ija inali itatsika pakabati n'kukhala pampando.

Linali Lachisanu la kumayambiriro kwa Malichi, cha m'ma leveni, ali m'kati mwa buku lachisanu. Modu ankathamanga monga mwa masiku onse, akudandaula za njala pakati pa mayina. Kenako anangoti zii.

Modu kukhala chete! Ngakhale Pa Sorie anaika cholembera pansi.

Onike anamva chala chikufika pa tsaya lake lamanzere. Chinatsika kamodzi, kawiri, katatu. Chinawolokera kumanja, n'kugona kamodzi, kawiri. Kenako chinakwera pansi pa diso n'kukhota ngati mbedza.

Nkhope ya Onike inazidziwa mphinizo mutu usanazidziwe, poti zinalembedwapo kale ndi madzi ali ndi masiku asanu ndi awiri, ndipo iye mwini anali atazilemba pa ana makumi awiri ndi mmodzi.

"Dzina," ananong'ona.

"Asabi." Mawu a Modu anali ngati a munthu wina. "Mtsikana. Zaka zisanu ndi zinayi. Mapazi anayi ndi inchi imodzi. Kumapetoku sindikutha kuwerenga."

Pa Sorie anali atafika kale kumbuyo kwawo. Anaweramira. "Watumizidwa ku Regent, kusukulu ya atsikana."

"Moni Asabi," anatero Onike. Anali atakonza mawu ambiri miyezi yonseyi, koma onse anathawa. Kamtsikanako kanaima pafupi ndi zenera, kowonda, maso aakulu, ndipo sikankayang'ana iye. Kankayang'ana pambali pake, kumanzere, chapansi.

"Sisi," anatero Modu. "Pali wina pansi pake."

Chala chinabweranso. Itatu yoimirira, iwiri yogona, ndi mbedza.

"Awero. Mtsikana. Zaka zisanu ndi chimodzi. Mapazi atatu ndi mainchesi asanu."

"Nayenso ku Regent?"

Pa Sorie anaweramiranso tsambalo. Anatsokomola, koma sichinali chifuwa. "Ayi, Mami. Uyu anamukweza sitima ina patatha masiku anayi. Ku Gambia. Ankatumizako ena malo akachepa." Anatsata mzerewo ndi diso mpaka kumphepete kwa pepala. "Palibenso china."

Panja wina ankaitanira malalanje.

"Ndinene zoona, Mami Thorpe," anatero Pa Sorie pomaliza, mofatsa. "Ine ndine wa mabuku, sindingalumbire. Mphini zimodzi zikhoza kukhala za mudzi wathunthu. Ku Regent kunapita atsikana ambiri. Mwina ndi iyeyu, mwina ndi mnzake wa kwawo."

Onike anakankha mpando. Anaimirira, natembenukira kumanzere, natsitsa dzanja m'malere, pamalo pamene linkapita lokha nthawi zonse, pamene azakhali ake anamuphunzitsa akumumenya pankono akakweza kwambiri. Analisiya pomwepo. Ndi dzanja linalo anavula tepi m'khosi.

"Modu, yeza. Kuchokera pansi mpaka pa chala."

Modu anagwada, naponda nsonga ya tepi ndi bondo, naikoka. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mapazi atatu ndi inchi imodzi."

"Onjeza mphumi ndi tsitsi," anatero Onike. "Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, kuchokera pa tsaya kufika pa liwombo, ndi mainchesi anayi."

Pa Sorie anavula kapu yake, naigwira pachifuwa. Modu anakhalabe chogwada, tepi ili m'manja, ndipo patapita nthawi anati, "Ndiye sanali manjenje." Anafuna kuseka koma chinatuluka china.

Yema anamva nkhaniyi atakhala pakhonde, miyendo ili m'beseni. Anafunsa mafunso ake onse, monga namwino, mpaka za tepi. Kenako anatchula mayina awiriwo kangapo, kuwalawa, nati, "Anali ndi mng'ono wake. Mayo ine." Sananene kuti wavomera, ndipo Onike sanafunse.

Mwana anabadwa kumapeto kwa mwezi, wamkazi. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri, m'mamawa, nkhungu ikadali m'mitengo ya mango, abale anadzaza bwalo la nyumba yamatabwa ija. Kunali akara wotentha, zitumbuwa za kuno, mtedza wa kola m'mbale, ndi jinja wa Modu amene ankati ndi womaliza, amene akufuna wina akamupeze ku Mangalande. Pa Sorie anabwera atavala mkanjo woyera, ndipo anapatsidwa mabotolo awiri, ati owonjezera pa aja analanda. Onike anaima pakati pa bwalo ndi chipewa chake. Sankaonanso nkhope ya munthu, koma kuwala kokha ndi mithunzi yoyendayenda, ndipo mithunziyo inkamuchulukira kuposa anthu amene anaitanidwa. Ena anali atavala malaya amizeremizere.

Anamva mapazi akubwera, ndi fungo la mkaka.

"Anti," anatero Yema mokweza kuti onse amve, "mwana wanu uyu. Tiuzeni mwini nkhope."

Wina anamugwirizira mbale ya madzi. Onike anaviika chala, napapasa katsaya kofewa ngati mkate wa mpunga.

"Izi ndi za Asabi," anatero, "amene ankamutcha Fibi. Anafika kuno ali ndi zaka zisanu ndi zinayi." Itatu, iwiri, ndi mbedza. Mwana anayetsemula, anthu naseka.

Anaviikanso chala. Anatembenukira kumanzere, natsitsa dzanja m'malere, monga anachitira kamakumi awiri ndi kamodzi.

Koma ulendo uno chala chinagunda munthu. Tsaya lofunda, lamakwinya, lonunkhira jinja. Amene ankagwira mbale uja anali atagwada pomwepo, pa msinkhu weniweni wa Awero, ndipo tsayalo linali lonyowa kale madzi asanafikepo.

"Musayambe moni wanu pano, Sisi," ananong'ona Modu. "Mawondo anga."

Onike analemba mosathamanga, monga mwa khalidwe lake. Itatu yoimirira. Iwiri yogona. Pofika pa mbedza dzanja lake lonse linali litagwira nkhopeyo.

"Moni Awero," anatero. "Wayenda bwanji, mng'ono wanga?"

Modu, amene sanasowepo chobweza chibadwire, anangotsamiritsa tsaya m'dzanja la mkulu wake.

"Ndafika, Sisi," anayankha.

Ndege ya Modu ya ku Mangalande inali ya Lachinayi.